Sing'anga Wapamudzi ndi Sing'anga Woyendayenda: Mbiri ya Kufunafuna Machiritso m'Chigwa cha Mua, Mtakataka ndi Golomoti

Dera la kunsi kwa mapiri a Dedza, lomwe limayambira ku Golomoti n'kudzera pa Mua mpaka kukafika ku Mtakataka, ndi chigwa chotentha chimene chidapanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja ya Malawi, ndipo mitsinje monga Livulezi, Nadzipulu ndi Bwanje, imene imanyowetsa minda ya mpunga, thonje ndi chimanga, ndi yomweyonso imasiya madambo ndi zithaphwi momwe mumaswana udzudzu wa malungo ndi nkhono zofalitsa likodzo. Anthu a m'chigwachi akhala akulimbana ndi matenda kuyambira makedzana, ndipo m'zaka zoposa 100 zapitazi akhala ndi ochiritsa amitundumitundu oti asankhepo: sing'anga wa zitsamba, woombeza ula, mzamba, sisitere wa pamishoni, wogulitsa mchape, wobaya jakisoni mozemba, mneneri wa mapemphero, komanso masiku ano wamalonda wa mabotolo ochokera kunja. Mbiri ya ochiritsawa ikusonyeza kuti ngozi yaikulu kwa wodwala sidagone pa kusiyana kwa mankhwala achikuda ndi achizungu, monga momwe nkhaniyi imakambidwira kawirikawiri, koma pa mafunso ena awiri, lakuti wochiritsayo adaphunzira kwa yani ndi lakuti zinthu zikalakwika amakayankha kwa yani.

Sing'anga wodziwika kwawo

Chigwachi n'chakale m'mbiri ya dziko lino, pakuti pafupi ndi Mtakataka, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu, ndi pamene padali Mankhamba, likulu la mafumu a Amaravi otchedwa Kalonga. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, adapeza pamalopo mikanda yagalasi, zidutswa za mbale zochokera ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, zomwe zikutsimikiza kuti anthu a kuno adazolowera kulandira katundu wochokera kutali atsamunda asadafike. Za kachiritsidwe ka Achewa zidalembedwa mochedwerapo, makamaka ndi Max Marwick, amene adakhala pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, Jessie Williamson, amene buku lake la zomera zothandiza za dziko lino lidatuluka mu 1955, ndi Brian Morris, amene adasindikiza buku la mankhwala a zitsamba a Achewa mu 1996.

Zolembazi zikusonyeza kuti makolo sankaika matenda onse m'gulu limodzi. Padali matenda a Mulungu, kutanthauza odza okha popanda munthu wowachititsa, monga chimfine ndi kutsekula m'mimba. Padali obwera ndi mizimu ya makolo imene yakhumudwa. Padali mdulo kapena kuti tsempho, matenda otupitsa thupi omwe ankati amagwira mwana kapena wachibale pamene wina waphwanya mwambo wa kuchipinda kapena wa kuthira mchere m'ndiwo. Ndipo padali matenda olodzedwa, omwe gwero lake lidali ufiti. Gulu lililonse lidali ndi mwini wake, moti chifuwa wamba ankachiza ndi mayi kapena agogo a pakhomo pomwepo, matenda okanika ankapita nawo kwa sing'anga wa zitsamba, wodziwa mizu, makungwa ndi masamba, pamene funso lakuti tsokalo lachokera kwa yani linkapita kwa woombeza ula, ndipo za uchembere zidali m'manja mwa azamba ndi anamkungwi.

Sing'anga wa nthawi imeneyo sankangodzuka tsiku limodzi n'kudzipatsa dzinalo, chifukwa nzeru za mitengo ankazitola kwa zaka zambiri poyenda m'thengo ndi atsibweni ake, agogo ake kapena sing'anga wina wamkulu, ngakhale kuti ena ankanena kuti adazilandira kumaloto. Chachikulu n'chakuti ankakhala pamudzi pomwepo, ankalima ndi kuyenda maliro pamodzi ndi anthu amene ankawapatsa mankhwala, ndipo mbiri ya aliyense amene adachira kapena kufera m'manja mwake inkadziwika kwa amfumu ndi kwa eni mbumba. Kalipiridwe kakenso kankamumanga, pakuti poyamba ankalandira chipondamthengo chokha, yomwe ndi mphatso yochepa yoti akalowere m'tchire kukakumba mizu, ndipo malipiro enieni, kaya nkhuku kaya mbuzi, ankaperekedwa wodwala akachira. Dongosolo limeneli silinkatsimikiza kuti mankhwalawo ndi amphamvu, popeza matenda ambiri amatha okha ndipo sing'anga ankatamandidwa pa ntchito imene thupi lagwira palokha, komabe linkachepetsa mpata wa chinyengo, chifukwa munthu sangapitirize kunamiza anthu amene mawa akumana nawo kudambo ndi pabwalo la milandu.

Mwabvi ndi lamulo la 1911

Sikuti zonse za nthawi ya makolo zidali zokoma, ndipo umboni wake ndi mwabvi, chakumwa choyesera mfiti chomwe chinkapangidwa ndi khungwa la mtengo umene akatswiri a zomera amautcha Erythrophleum suaveolens. Munthu wosinja khungwalo, wotchedwa mapondera, ankamwetsa woganiziridwayo pamaso pa anthu, ndipo chikhulupiriro chidali chakuti wosalakwa asanza pamene mfiti ifa. Zimene zikudziwika tsopano n'zakuti khungwali lili ndi poizoni wosokoneza kagundidwe ka mtima, kotero kuti kufa kapena kupulumuka kunkadalira kuchuluka kwa khungwa losinjidwalo ndi kufulumira kwa kusanza, osati kulakwa kapena kusalakwa kwa munthu. Angoni a Maseko atakhazikika m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, mwabvi udasanduka chida cha ulamuliro, ndipo amishonale amene adatsegula malo awo m'chigwa cha Livulezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 adalemba za anthu ambirimbiri omwetsedwa nthawi imodzi mu ulamuliro wa mfumu yawo Chikuse. Chikuse ndi mtsogoleri wina wa Angoniwo, Chifisi, atamwalira mu 1891, ana awo Gomani ndi Kachindamoto adamenyana, ndipo Kachindamoto adatsikira kuchigwa cha Mtakataka, kumene ufumu wake uli mpaka lero pakati pa Achewa, Angoni ndi Ayao.

Boma la atsamunda la Nyasaland lidakhazikitsa lamulo la zaufiti mu 1911, lomwe lidaletsa kumwetsa mwabvi, kuloza munthu kuti ndi mfiti, kugwira ntchito yosaka mfiti ndiponso kudzitcha mfiti, ndipo lamuloli lidapitiriza kugwira ntchito ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo bungwe lounika malamulo lidayamba kuliunikanso mu 2009. Lamuloli lidapulumutsa miyoyo ya nkhalamba ndi akapolo amene kawirikawiri ndiwo ankamwetsedwa mwabvi, koma lidasiya mipata iwiri. Woyamba ndi wakuti lidachotsa njira yoweruzira ufiti popanda kuchotsa mantha a ufiti, moti anthu ambiri adaona ngati boma laikira kumbuyo mfiti n'kuwasiya iwo pambalambanda. Wachiwiri ndi wakuti silidanene chilichonse za amene ali woyenera kupereka mankhwala a zitsamba, kotero kuti wodziwadi mitengo ndi wongonamizira adakhala ofanana pamaso pa lamulo, bola asatchule dzina la mfiti.

Mishoni ya Mua ndi nkhondo ya khate

Ansembe Achikatolika a chipani cha White Fathers, amene adayesapo kukhala kwa Mponda kuyambira mu 1889 mpaka mu 1891 koma osaphula kanthu, adabwerera n'kutsegula mishoni ya Mua mu 1902 ndi ya Mtakataka mu 1908, ndipo masisitere a chipani cha White Sisters atafika ku Mua mu 1911, ntchito ya chipatala idakhazikika. Wolemba mbiri Ian Linden, m'buku lake la mu 1974, adafotokoza mwatsatanetsatane za mkangano umene udabuka pakati pa amishonalewa ndi eni gule wamkulu, ndipo n'zosadabwitsa kuti kukayikirana komweko kudafika pa nkhani ya matenda, popeza amishonale ankaona ula ndi zithumwa ngati zachikunja. Tiyenera kukumbukira kuti mankhwala a pamishoni m'zaka zoyambazo adali ochepa, makamaka kwinini wa malungo, mankhwala otsuka zilonda ndi otsekula m'mimba, pakuti penisilini ndi anzake opha tizilombo adayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1940. Anthu sadasiye asing'anga, koma adawonjezera mishoni pa malo ofunirako thandizo, moti munthu ankatha kukatsukitsa chilonda kwa sisitere m'mawa, madzulo n'kukaombeza kuti adziwe amene wamuponyera chilondacho.

Nkhani ya khate ndi imene ikuonetsa bwino momwe mankhwala odalirika amapezekera. Malo osamalira akhate adatsegulidwa ku Mua mu 1927, ndipo mankhwala a nthawi imeneyo adali mafuta a mtengo wa ku India wotchedwa hydnocarpus, omwe ankabayidwa pakhungu, opweteka kwambiri koma ochiza pang'ono pokha. Apa mankhwala achizungu nawonso adali a mumtengo, ndipo nawonso ankalephera. Kusiyana kudali kwakuti madokotala a m'maiko osiyanasiyana ankalemba m'kaundula za odwala awo ndi kufananitsa zotsatira, kotero kuti mankhwala a dapsone ataonetsa mphamvu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, mafuta aja adasiyidwa, ndipo tizilombo ta khate titayamba kupirira dapsone, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuphatikiza mankhwala angapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mothandizidwa ndi bungwe la LEPRA, lomwe lidayamba ntchito m'dziko muno m'zaka za m'ma 1960, Malawi idafika mu 1994 pa muyeso wakuti odwala khate ndi ochepera mmodzi pa anthu 10,000 alionse, ngakhale kuti matendawa akupezekabe apo ndi apo.

Njanji, machona ndi mchape

Zaka za m'ma 1930 zidasintha chigwachi kwambiri, chifukwa njanji yochokera ku Blantyre idadutsa pa Golomoti ndi Mtakataka n'kufika ku Salima mu 1935, ndipo amuna ambiri adali atazolowera kale ulendo wa ku migodi ndi minda ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, kumene ena adachona ndipo ena adabwerako ndi ndalama, zovala, matenda atsopano ndi mabotolo a mankhwala ogula m'sitolo. Ndi m'nyengo imeneyi, pamene mitengo ya mbewu idagwa padziko lonse ndipo ntchito zidasowa, m'mene mudabuka mchape, mankhwala amadzi ofiira omwe ankati amatsuka mudzi wonse ku ufiti. Ogulitsa ake ankanena kuti adatumidwa ndi munthu wina wa ku Mulanje dzina lake Kamwiri, amene ankati adafa n'kuuka, ndipo pofika mu 1933 ndi 1934 adali atafalikira m'Nyasaland, Northern Rhodesia, Tanganyika ndi Mozambique. Audrey Richards, amene adawaona ndi maso pakati pa Abemba mu 1934, adalemba kuti adali anyamata ovala zachizungu, amene ankandandika anthu pamzere n'kumawayang'ana pagalasi kuti azindikire mfiti, kulamula kuti nyanga ndi zithumwa ziunjikidwe poyera, kumwetsa aliyense mchape, kenaka n'kugulitsa mankhwala ena odzitetezera.

Wogulitsa mchape adali mtundu watsopano wa wochiritsa, wosiyana ndi sing'anga wapamudzi pa zinthu zinayi: adali mlendo wosadziwika kwawo, sadaphunzire mitengo kwa wina aliyense wodziwika, ankalonjeza kuthetsa mavuto onse ndi chikho chimodzi, ndipo ankalandira ndalama nthawi yomweyo n'kupitirira ulendo wake zotsatira zisadaoneke. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, poyamikira nzeru za munthu wochokera kwina, koma mwambiwu sunena zoti mlendoyo amakhala atapita pamene bala la kalumoko layamba kutukusira. Imfa ndi matenda zitapitirira monga kale, mchape udazilala, komabe njala ya machiritso otere sidathe, pakuti mu 1947 kudabuka osaka mfiti ena, Bwanali ndi Mpulumutsi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anthu ochokera m'maiko angapo ankakhamukira kwa wosaka mfiti wina, Chikanga, ku Rumphi. Wansembe ndi mphunzitsi wa ku Chancellor College, Joseph Chakanza, adasonkhanitsa mndandanda wa magulu osaka mfiti a m'Malawi kuyambira mu 1850 mpaka mu 1980, ndipo mndandandawo ukusonyeza kuti magulu otere amabuka mobwerezabwereza.

M'nyengo yomweyi mudabadwa wochiritsa wina wobwereka zida za chipatala. Jakisoni wa chindoko ndi wa zilonda zina zapakhungu, amene adafala m'zipatala za m'chigawo chino cha Africa m'zaka za m'ma 1920, ankapoletsa zilonda m'masiku ochepa, ndipo penisilini atabwera anthu adakhazikika pa maganizo akuti singano ndi yamphamvu kuposa mbulu wa mankhwala. Chikhulupiriro chimenechi chidatsegulira msika anthu obaya jakisoni mozemba m'midzi, amene sankadziwa muyeso, sankawiritsa singano mokwanira, ndipo sankatha kusiyanitsa matenda ofuna mankhwalawo ndi osawafuna, zomwe zimabweretsa zithupsa zamafinya, kulumala kwa mwendo pamene singano yalasa mtsempha, ndi kufala kwa matenda oyenda m'magazi.

Ufulu, malamulo ndi azamba

Dziko litalandira ufulu, madokotala adali ochepa kwambiri, pakuti sukulu yophunzitsa madokotala ya College of Medicine idatsegulidwa mu 1991, ndipo ntchito yaikulu kumidzi idatsamira pa anamwino, othandiza madokotala ndi zipatala za mipingo monga cha Mua, zomwe zidapanga bungwe limodzi mu 1966 lomwe lero limatchedwa CHAM. Lamulo la mu 1987 lidakhazikitsa khonsolo ya Medical Council of Malawi, yolembetsa madokotala ndi kulanga olakwitsa, ndipo la mu 1988 lidakhazikitsa bungwe loyang'anira mankhwala ndi malo ogulitsira mankhwala. Asing'anga adapanga mabungwe awoawo monga Herbalists Association of Malawi, ndipo akatswiri monga Jerome Msonthi adafufuza mphamvu za zomera zina m'nyumba zoyesera, koma chiphaso cha umembala wa bungwe ndi umboni wakuti munthu walembetsa, osati wakuti wayesedwa mayeso kapena kuti mankhwala ake apimidwa.

Pa uchembere boma lidayesa njira ya pakati. Potsatira msonkhano wa ku Alma-Ata wa mu 1978, umene udalimbikitsa maiko osauka kugwiritsa ntchito ochiritsa a m'midzi, azamba ambiri adaphunzitsidwa ukhondo ndi zizindikiro zoopsa kwa masabata ochepa n'kupatsidwa zipangizo. Koma zimene zimapha mayi pobereka, monga kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi kodzetsa kukomoka ndi mwana wopingasa, zimafuna magazi owonjezera, mankhwala a m'mitsempha kapena opaleshoni, zomwe mzamba ngakhale waluso sangazipeze m'chikuta. Padalinso vuto la mwanamphepo, dzina la zitsamba zingapo zimene amayi amamwa pofuna kufulumizitsa kubereka, zomwe ofufuza adapeza kuti zina mwa izo zimakokadi chiberekero mwamphamvu, kotero kuti njira ikakhala yotsekeka chiberekero chimatha kung'ambika ndipo mwana amabanika. Kafukufuku wa boma wa mu 2000 adapeza kuti amayi 1,120 pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo ankamwalira ndi uchembere, ndipo mu 2007 boma lidaletsa azamba kubereketsa. Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa chiletsochi mu 2010, koma mafumu ambiri adapitiriza kulipiritsa chindapusa mabanja oberekera pakhomo, ndipo pofika mu 2015 ndi 2016 amayi 91 pa 100 alionse ankaberekera kuchipatala pamene chiwerengero cha imfa chidatsika kufika pa 439.

Edzi ndi mchape wa 1995

Matenda a Edzi, omwe adapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, adabwezera dziko m'nyengo yofanana ndi ya khate lisadapeze mankhwala, pakuti chipatala chinkatha kuyeza magazi koma sichinkatha kuchiza, ndipo odwala ambiri ankabwezedwa kumudzi kukadikira imfa. Popeza zizindikiro zake, monga kuwonda, kutsokomola ndi kutsekula m'mimba, zinkafanana ndi za tsempho ndi za matenda ena amwambo otchedwa kanyera, mabanja ambiri adatha mbuzi ndi njinga kulipira mankhwala a matenda amene wodwalayo adalibe. Mu 1995, chaka chimodzi chitatha chisankho cha zipani zambiri, bambo wina wa m'mudzi wa Chikamana m'boma la Machinga, Billy Goodson Chisupe, adatchuka ponena kuti adalota mtengo wochiza Edzi, ndipo Peter Probst, amene adalemba za nkhaniyi, adati anthu pafupifupi 300,000 adapita kukamwa mankhwalawo, omwenso ankatchedwa mchape, m'miyezi yochepa. Kwa anthu a ku Mtakataka ndi Golomoti malowo sadali patali, popeza msewu wa m'mbali mwa nyanja umakalumikizana ndi wa ku Balaka ndi Liwonde.

Chisupe sankalipiritsa, ndipo ichi chikuphunzitsa kuti ngozi ya wochiritsa wosaphunzira sichokera m'dyera lokha, chifukwa munthu woona mtima amene akukhulupirira maloto ake akhoza kusocheretsa khamu lalikulu kuposa wakuba wodziwa kuti akunama. Palibe umboni umene udapezeka wakuti mankhwalawo adachotsa kachirombo m'thupi la munthu, ndipo amene adabwerako akudziyesa ochira adali pa chiopsezo chopatsira anzawo. Zinthu zidasintha mu 2004 pamene boma lidayamba kugawa ma ARV aulere, ndipo anthu amene adali chigonere adadzuka n'kubwerera kumunda pamaso pa mudzi wonse. Kuyambira pamenepo ngozi idasintha nkhope: wochiritsa wabodza, kaya wa zitsamba kaya wa mapemphero, tsopano amauza munthu amene akupeza bwino kuti wachira ndipo asiye mankhwala, pamene kusiya kumachititsa kuti kachirombo kachulukanenso ndi kuyamba kupirira mankhwalawo. N'chifukwa chake lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 lidaletsa kufalitsa nkhani zabodza zokhudza matendawa.

Msika, wailesi ndi foni

Wolowa m'malo mwa wogulitsa mchape masiku ano amapezeka pa tsiku la msika ndi chimkuzamawu, pa wailesi, pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo nthawi zambiri savala mikanda kapena nthenga koma chovala choyera cha chipatala, n'kumadzitcha dokotala. Ena amayenda ndi kamakina kolumikiza ku kompyuta komwe amati kamaunika thupi lonse munthu akangogwira kachitsulo m'manja, ndipo akatha kutchula matenda a chiwindi, impso ndi magazi amagulitsa mabotolo okwera mtengo amene amati amatsuka m'thupi. Botolo limodzi amalinenera kuti limachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa, kusabereka ndi kuchepa mphamvu m'banja, ndipo mawu amene amatsamirapo ndi akuti mankhwalawo ndi achilengedwe choncho sangapweteke, ngakhale kuti mwabvi nawonso ndi wachilengedwe.

Njira zimene ochiritsa otere amapwetekera anthu n'zodziwika. Yoyamba ndi kuchedwetsa, pakuti mwana wa malungo aakulu amene akukomoka akhoza kumwalira m'tsiku limodzi kapena awiri pamene akufukiziridwa mankhwala a mizimu, ndipo khansa ya khomo la chiberekero, yomwe Malawi ili m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, imachizika ikapezeka msanga koma osati ikafalikira. Yachiwiri ndi muyeso, chifukwa mphamvu ya muzu imasintha malinga ndi nyengo, dothi ndi kaphikidwe, ndipo chiwindi ndi impso ndizo zimayamba kuwonongeka mankhwala akapyola. Yachitatu ndi zida, monga lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo, lomwe lingafalitse HIV ndi matenda a chiwindi, kapena zopaka pamchombo wa khanda zomwe zingadzetse kafumbata. Yachinayi ndi kuloza munthu, komwe kwaphetsa nkhalamba zambiri, ndipo nkhanza zake zidafika pachimake pamene anthu achialubino adayamba kuphedwa chifukwa cha bodza lakuti ziwalo zawo ndi zizimba za chuma. Bungwe la Amnesty International lidawerenga anthu osachepera 18 ophedwa kuyambira mu Novembala 2014 mpaka pakati pa 2016, ndipo mu Juni chaka chimenecho bwalo lalikulu la milandu ku Mzuzu lidapereka chiletso kwa asing'anga ndi kwa ofalitsa malonda awo. Chimene chimabisa zonsezi n'chakuti ochira amabwera kudzachitira umboni pa wailesi, pamene omwalira amawerengedwa kuti adalodzedwa kapena kuti adafika mochedwa, kotero kuti wochiritsayo saoneka wolephera.

Chifukwa chake anthu amapitabe

Kungakhale kulakwa kunena kuti anthu a m'chigwachi amapita kwa ochiritsa otere chifukwa cha umbuli. Chipatala chachikulu cha boma la Dedza chili pamwamba pa mapiri, kuseri kwa msewu wokhotakhota wa Khwekhwelere, chipatala cha mishoni chimalipiritsa pa matenda ambiri ngakhale kuti mgwirizano wa boma ndi CHAM, umene udayamba m'zaka za m'ma 2000, udachotsa malipiro pa uchembere m'zipatala zambiri, ndipo m'nyengo ya dzinja mitsinje ikadzaza midzi ina imadukidwa. Wodwala amene wayenda mtunda wautali, n'kudikira pamzere, n'kuonedwa mwachangu, kenaka n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, sangaiwale kuti sing'anga adamukhazika pamphasa, adamumvetsera mpaka kumapeto, ndipo adalola kulandira nkhuku m'malo mwa ndalama.

Kulakwa kwina kungakhale kuganiza kuti chipatala sichiphonya kapena kuti mitengo ilibe mphamvu. Kwinini adachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo mankhwala a malungo a LA ali ndi gawo lochokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, chomwe Tu Youyou adalandirira mphotho ya Nobel mu 2015. Klorokwini atasiya kugwira ntchito, madokotala a m'Malawi adaziona m'ziwerengero za ana osachira, ndipo mu 1993 dziko lino lidakhala loyamba mu Africa kumusiya n'kutenga Fansidar, amenenso adalowedwa m'malo ndi LA mu 2007. Mphamvu ya chipatala ili pa dongosolo limeneli lowerenga olephera kuchira ndi kusintha njira, komanso pa kukhalapo kwa khonsolo imene ingalande chiphaso cha wolakwitsa.

Pali umboni wakuti asing'anga okhazikika pamudzi akhoza kulowa m'dongosolo lotere. M'zaka za m'ma 1990 Paul Courtright ndi Susan Lewallen adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu a zilonda za m'maso ku Chikwawa ndi madera oyandikana nawo adali atathira mankhwala achikuda m'maso, ndipo m'malo molimbana ndi asing'angawo adawaphunzitsa kuopsa kwa mchitidwewu ndi kuzindikira ng'ala, zomwe zidachititsa kuti ayambe kutumiza odwala kuchipatala. Zotere zimatheka ndi munthu amene ali ndi khomo lodziwika ndi mbiri yoti aiteteze, koma sizitheka ndi wamalonda amene sabata ino ali pa Golomoti, sabata yamawa ku Chipoka, kapena amene amadziwika ndi nambala ya foni yokha. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, lili ndi udindo woyang'anira mankhwala ogulitsidwa ndi kalengezedwe kake, koma oyendera ake ndi ochepa poyerekeza ndi misika ya dziko lonse. Diso la mudzi limene linkalondera sing'anga wakale lidafooka chifukwa cha ndalama, misewu ndi mafoni, pamene diso la boma silidafike mokwanira kumisika ya kumidzi, ndipo ochiritsa osaphunzira amachuluka mumpata umenewu. Kuutseka kukufuna kaundula wa asing'anga amene mafumu ndi akuluakulu a zaumoyo angamudalire, kupima mankhwala a zitsamba asadayambe kugulitsidwa m'mabotolo, ndiponso zipatala zapafupi zokhala ndi mankhwala, chifukwa chiletso chilichonse kuyambira cha mu 1911 chasonyeza kuti kuletsa kopanda chopereka m'malo mwake kumangosamutsira ntchitoyi kuseri kwa nyumba.